Ikaima Imapuma Moto

Pa msewu wa ku Mwami galimoto yanga sinyozeka.
Mphepo ya eyakoni imatuluka ngati yatungidwa pachitsime,
amayi a zitenje kumbuyo amawodzera,
wina mpaka kupempha kuti ndichepetseko.
Koma ndingofika pa Kapata,
pamene njinga za makala, minibasi ndi wilibala
zimalimbirana kampata kamodzi,
phazi pa buleki, injini ikung'ung'udza yokha,
mphepo ija imatembenuka mtima.
Imayamba kufunda ngati mpweya wa mwana wamalungo,
kenaka Okutobala yense amalowa
nakhala nafe pampando, osalipira.

Mnyamata wa ku Mchini anati ndi gasi.
Sanafunse kalikonse.
Anakoka botolo lake, psii,
makwacha mazana atatu n'kulowa m'thumba la ovolosi.
Mawa lake pa rodibuloko
malaya anamatanso kumsana.

Ndiye ndinapita kwa a Daka ku Navutika,
pansi pa mango, popanda chikwangwani.
Iwo sathamangira sipanala.
Anati, Iliza, uisiye ilire, usaponde chilichonse.
Tinaima ngati odikira dzina kuchipatala.
Kompuresa inati tha, kugwira.
Iyi ili moyo, anatero,
nayendetsa dzanja pa mapaipi ngati akusankha nzimbe.
Tsono fani yako ili kuti?

Ndinasuzumira.
Mapiko ali duu,
fumbi la msewu wa ku Lundazi litakhazikika pa lililonse.

Fyuzi anaizula ndi zikhadabo, kuiunika padzuwa: yabwinobwino.
Rile anaisinthanitsa ndi ya hutala.
Hutala inalira mpaka nkhuku kubalalika, fani osagwedezeka.
Mawaya awiri molunjika kuchokera ku batire: zii.
Anaigogoda ndi chigwiriro cha hamala,
inazungulira katatu, monyinyirika,
n'kuimanso.

Makala a m'mota anatha kale, anatero a Daka.
Ndipo taona kondensa:
thonje louluka m'mathiraki, mapiko a ziwala, njere za udzu,
mphuno yonse yatsekeka.
Ukamathamanga, msewu ndiwo umakuuzira,
mphepo yaulere, ya aliyense.
Ukaima, galimoto iyenera kudziuzira yokha.
Yakoyi inaleka kalekale,
kungoti mwini wake saima.

Sindinayankhe.
Chimuikireni Vainesi kwawo ku Chiparamba,
chimanga chisanamasule ngayaye,
ndimapita ku boda kasanu ndi kawiri pa tsiku,
Lamulungu lomwe.
Ndimadya mazira owiritsa giya ili m'dzanja.
Ndimafika kunyumba ana atagona,
ndipo ndikazimitsa injini pabwalo
pali chinachake chimakwera pachifuwa, chofunda,
ndiye ndimalizanso, kukafuna wina wochedwa ku bala
woti ndimupereke kwawo, ngakhale pa theka la mtengo.

A Daka anatuma kamwana pa njinga.
Kanabwera ndi fani ya m'galimoto ina
imene inagona chagada pa mapiri a Kanjala,
phiko limodzi lobenthuka pang'ono kumapeto.
Idzatumikira, anatero.
Kondensa anaitsuka ndi ndowa ziwiri ndi mswachi wakale,
madzi akutsika ofiira ngati a mvula yoyamba.
Mabawuti anayi. Pulagi. Tepi wakuda.

Lowa, tseka magalasi.
Usapite kulikonse, mphindi khumi.
Tikuyesa poima, osati pothamanga.

Ndinakhala.
Kutsogolo fani inayamba, fuu,
phokoso limene ndinali nditaliiwala.
Mphepo inadza pamawondo, pakhosi,
yozizira, galimoto ili pamalo amodzi,
mango yaiwisi ikulendewera pa galasi osasuntha.
Mu kabokosi ka mapepala
munali mukadali mpango wake wopukutira thukuta,
wopindidwa kanayi.
Sindinautulutse. Ndinangodziwa kuti ulimo.

Foni inalira pampando wopanda munthu,
kasitomala wa ku boda, wa matumba a mpunga.
Panja a Daka ankasamba m'manja ndi sopo waufa,
osayang'ana kuno.
Zinali zitatsala mphindi zinayi.
Ndinaisiya ilire.